Mpanda wa dziwe losambiramo pakhomo: kodi mpanda wa njerwa wozungulira malo ndi wokwanira?

Mayi wa ku Kasungu analemba:

Moni kwa nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za zomangamanga ndi malamulo ake. Mwana wanga wamwamuna, yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg, akumanga nyumba m'tauni ya Kasungu, ndipo ine ndi amene ndikuyang'anira ntchitoyo poti mwiniwake ali kutali. Pa pulani pali dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba, moyang'anizana ndi khonde, ndipo amisiri akumba kale dzenje lake. Akufuna kuthira konkire mvula isanayambe.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi adzukulu anga amene adzakhale m'nyumbamo pamodzi ndi mayi awo. Wamkulu ali ndi zaka 4, wamng'ono wangoyamba kumene kuyenda, ndipo pamalopo padzakhalanso banja la wosamalira panja, lomwe nalonso lili ndi ana aang'ono. Nditafunsa kapitawo wa amisiriwo za mpanda wozungulira dziwelo, anandiyankha kuti kumeneko n'kungowononga ndalama, popeza malo onse azunguliridwa kale ndi mpanda wautali wa njerwa, pali geti lachitsulo, ndipo padzakhala mlonda usana ndi usiku. Yankho limeneli silinandikhutiritse, chifukwa ana amene ndikuwadera nkhawa sadzachokera kunja kwa mpandawo koma adzakhala m'kati mwake.

Ndithandizeni: nkhani yotereyi ndipite nayo ku ofesi iti, ndipo mpanda woyenera umakhala wautali bwanji? Ndikufunanso kudziwa ngati mpanda wa bango kapena wa nsungwi ungagwire ntchito imeneyi, popeza ndi wotsika mtengo ndipo umaoneka bwino pakhomo.

Mmisiri wa ku Mchinji anayankha:

Mayi, mwaona bwino, ndipo musalole kuti kapitawo akubwezeni m'mbuyo pa mfundo imeneyi. Ndinagwirapo ntchito yomanga ku South Africa ndisanabwerere kuno ku Mchinji, choncho ndiyambira pa zimene mwana wanu akhoza kutsimikiza komweko.

Malamulo a zomangamanga a dziko limenelo, pa gawo lotchedwa SANS 10400-D, amati mwini malo amene ali ndi dziwe losambiramo aonetsetse kuti munthu sangafike padziwepo mwachisawawa. Mpanda usachepere masentimita 120 kuyeza kuchokera pansi, usakhale ndi mpata uliwonse umene mpira wa masentimita 10 m'mimba mwake ungadutsepo, ndipo geti lake likhale lodzitseka lokha ndi kudzikoweka lokha. Komabe muyenera kudziwa kuti lamulo limenelo limayang'ana kwambiri munthu wochokera kumsewu kapena kunyumba yoyandikana nayo, ndipo limalola kuti nyumba yeniyeniyo ikhale mbali imodzi ya mpanda. Ndiye kuti maganizo a kapitawo wanu sali kutali ndi lamulo limenelo, koma funso lanu la ana a m'nyumba silikuyankhidwa.

Amene analiyankha bwino funso limeneli ndi a ku Australia. M'chigawo cha New South Wales, lamulo la maiwe osambiramo la mu 1992 limafuna kuti mpanda ulekanitse dziwe ndi nyumba yokhalamo, komanso ndi malo onse oyandikana nawo, ndipo limakhudza dziwe lililonse limene madzi ake angathe kuzama kupitirira masentimita 30. Kutalika kwa mpanda ndi komweko kwa masentimita 120, mipata ya pakati pa zitsulo zoimirira isapitirire masentimita 10, ndipo mpata wa pansi pa mpanda nawonso usapitirire masentimita 10. Wapansiwu ndi umene amisiri ambiri timauiwala, chifukwa timayeza tsiku lomanga, kenako mvula ikakokolola dothi kapena galu akafukula, pamatsala dzenje loti mwana n'kukwawira. Thirani konkire pansi pa mzere wonse wa mpanda kuti muyezowo usasinthe.

Pali muyezo wina umene ndikufuna muugwiritsitse polankhula ndi wowotcherera zitsulo. Anthu a ntchito imeneyi kwathu kuno anazolowera kupanga mageti ndi zotchinga mawindo zokhala ndi zitsulo zopingasa ndi zokongoletsa zopindapinda, ndipo mukangowauza kuti apange mpanda, adzapanga zomwezo pofuna kukusangalatsani. Kwa mwana wa zaka 4, chitsulo chilichonse chopingasa ndi makwerero. Muyezo wa ku Australia umati zitsulo zopingasa zitalikirane masentimita osachepera 90, kutanthauza chimodzi pansi ndi china pamwamba basi, ndipo pasakhale chilichonse choti phazi n'kupondapo pa mtunda wa masentimita 90 kuchokera pamwamba pa mpanda. Zimenezi zikukhudzanso miphika ya maluwa, mpopi wa madzi, mipando ndi mabuloko obowola amene ena amakongoletsera makoma.

Tsopano za geti, pomwe pagona nkhani yonse. Geti lizitsegukira kunja, kumbali imene kulibe dziwe, kuti mwana akalikankha lizingopitiriza kutsekeka. Lizibwerera lokha ndi kudzikoweka ngakhale mutalitsegula pang'ono chabe n'kulisiya osalikankha, ndipo kachitsulo kotsegulira kakhale masentimita 150 kuchokera pansi. Ambiri amaganiza kuti loko wamkulu ndi wokwanira, koma loko amadalira munthu kuti akumbukire, ndipo tsiku limene wosamalira panja akulowa ndi kutuluka ndi ndowa, adzaika njerwa pageti kuti lisamuvutitse. Gulani mahinjesi okhala ndi sipuling'i, muziwathira mafuta chifukwa fumbi la m'chilimwe ndi dzimbiri la m'dzinja zimawaumitsa, ndipo muziyesa getilo kawirikawiri.

Za bango ndi nsungwi ndikukanizani. Chiswe chimadya kunsi kumene simukuona, mwana amatha kukanula bango ndi manja n'kupanga mpata, ndipo choipa kwambiri n'chakuti mpanda wotere umabisa madzi, moti munthu wokhala pakhonde sangaone chimene chikuchitika padziwe. Waya wa mabowo aakulu nayenso si wabwino, chifukwa zala za kumapazi zimalowa m'mabowomo. Pa mpanda wa masentimita 120, a ku Australia salola mabowo opitirira mamilimita 13. Zitsulo zoimirira zosalala, zopakidwa penti woteteza ku dzimbiri, ndizo zimene ndingakuuzeni kuti mugule.

Wojambula mapulani a nyumba, Kasungu, anayankha:

Mayi, pa funso la ofesi ndiyankhe ine. Ngati malo anu ali m'kati mwa malire a tauni, pitani ku Kasungu Municipal Council. Ngati ali kunja kwa malirewo, nkhani yanu ili m'manja mwa Kasungu District Council. M'malo onse awiriwa funsani ofesi yoona za mapulani ndi zomangamanga. Lamulo la Physical Planning Act la mu 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya mu 1988, ndi limene limayendetsa nkhani ya zilolezo za chitukuko cha pamalo, ndipo Local Government Act ya mu 1998 imapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo a m'dera. N'chifukwa chake yankho limene mungalidalire ndi lochokera ku khonsolo ya dera lanu, osati zimene wina anauzidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Choyamba, tengani pulani imene inavomerezedwa muone ngati dziwelo likuonekapo. Zimachitika kuti mwini nyumba amawonjezera dziwe pulani itadindidwa kale, ndipo zikatero pamafunika kukaperekanso pulani yokonzedwanso. Poti mukukapereka kapena kukafunsa, uzani amene anakujambulirani kuti awonjezerepo mpandawo ndi miyezo yake yonse, kuphatikizapo mbali imene geti likutsegukira, ndipo pemphani kuti zimene khonsolo ikufuna pa dziwelo akulembereni pa kalata. Ngati zimene angakuuzeni zili zofewa kuposa miyezo imene bambo a ku Mchinji atchula, inu tsatani yokhwimayo. Palibe ofesi imene ingakuletseni kuteteza ana kupitirira pamene yakulamulani.

Kuika mpanda pa pulani kuli ndi phindu linanso limene anthu sakonda kuliganizira. Chinthu chimene sichinalembedwe pa pulani ndiponso pa mgwirizano wa ntchito chimasanduka chamapeto, chochitika ndalama zikatsala, ndipo pomanga nyumba ndalama sizitsala. Lembani pa mgwirizano ndi kontilakita kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwa mpanda ukatha ndipo geti likayesedwa inu mukuona. Muganizirenso za ana a anansi ndi a alendo: ngozi ikachitika pamalo panu, funso limene lidzafunsidwe, kaya kwa amfumu kaya kukhoti, ndi lakuti mwini malo anachitapo chiyani podziwa kuti pali madzi akuya pamene pamasewera ana.

Namwino wa ku Kasungu anayankha:

Mayi, ndikuthokozeni chifukwa chofunsa dziwe lisanathiridwe madzi. Ndikufuna kutsutsa mwamphamvu mfundo ya mlonda, chifukwa ndi imene imanyenga makolo ambiri, ngakhale osamala kwambiri.

Anthu amaganiza kuti mwana akamamira amakuwa ndi kumenya madzi, moti wina aliyense ali pafupi adzamva. Mwana wamng'ono amamira mwakachetechete. Mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lonse, amagwa chamutu, madzi amatseka pakamwa ndi mphuno asanatulutse mawu, ndipo pakangopita mphindi zochepa ubongo umayamba kuwonongeka chifukwa chosowa mpweya. Mlonda amakhala pageti la kumsewu, maso ake ali kunja, pamene dziwe lili kuseri kwa nyumba. Mayi wa mwana amalowa m'nyumba kukaphula ndiwo pamoto kapena kukayankha foni, akuganiza kuti mtsikana wantchito akuyang'ana, mtsikanayo naye akuganiza kuti mwana ali ndi mayi ake. Ngozi zotere zimakonda kuchitika pamene pali anthu ambiri, monga pa chinkhoswe kapena pa Khirisimasi, chifukwa aliyense amakhulupirira kuti mnzake ndiye akuyang'anira. Mpanda sulowa m'malo mwa maso a munthu wamkulu, koma umagwira ntchito pa mphindi zimene masowo ayang'ana kwina, ndipo palibe kholo limene lingayang'ane mwana tsiku lonse osacheuka.

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2024 linati anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi m'chaka cha 2021, oposa 90 mwa 100 alionse anali a m'mayiko osauka ndi opeza mwapakatikati, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Pa funso lanu lenileni, akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, atasonkhanitsa kafukufuku wa maiwe a pakhomo anapeza kuti mpanda wa mbali zonse zinayi, wolekanitsa dziwe ndi nyumba, umachepetsa chiopsezo chomira ndi pafupifupi 83 pa 100 poyerekeza ndi mpanda wa mbali zitatu umene umasiya nyumba yolumikizana ndi dziwe. Kapitawo wanu akukupatsani mtundu wachiwiriwu.

Ndiwonjezere kuti ngati pakhomopo pali mwana kapena wamkulu amene amadwala matenda akugwa, asayandikire madzi payekha ngakhale atadziwa kusambira. Ndipo musadalire zoyandama zovala m'mikono kapena machubu, chifukwa zimaphwa ndipo zimavuka.

Aliyense wamkulu wokhala pamalopo, kuphatikizapo mlonda ndi wosamalira panja, aphunzire chithandizo choyamba. A Malawi Red Cross Society amaphunzitsa zimenezi. Mwana akavuulidwa m'madzi asakupuma, anthu ambiri amamuzondotsa kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke, ndipo potero amataya nthawi komanso amamusanzitsa, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Choyenera ndi kumugoneka chagada pamalo olimba, kupendeketsa mutu pang'ono kuti njira ya mpweya itseguke, kumuuzira mpweya pakamwa kasanu, kenako kusinikiza pakati pa chifuwa ka 30 ndi kuuzira kawiri, kubwereza chomwecho osaleka pamene wina akukonza galimoto. Ngakhale mwana atatsitsimuka n'kumaoneka bwino, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa vuto la kupuma likhoza kuonekera pakapita maola. Ku New South Wales lamulo limafuna kuti pafupi ndi dziwe pakhale chikwangwani chofotokoza njira imeneyi, ndipo inu mukhoza kulembetsa chanu m'Chichewa n'kuchimangirira pampandapo.

Bambo wa ku Kamwendo anayankha:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma ndikuona kuti tikulankhula ngati njira ndi imodzi yokha, pamene zitsulo ndi zokwera mtengo masiku ano. Ku France, lamulo la pa 3 Januwale 2003 linalola mwini dziwe kusankha chimodzi mwa zinthu zinayi: mpanda wosachepera masentimita 110, alamu yolira munthu akagwera m'madzi, chovundikira cholimba, kapena chinyumba chotsekeka chophimba dziwe lonse, ndipo wosatsata akhoza kulipitsidwa mayuro (ndalama za ku Ulaya) 45,000. Ku South Africa anthu ambiri amagwiritsa ntchito ukonde wokungidwa pamwamba pa madzi. Mwana wanu, mayi, akhoza kubweretsa ukonde wotero pobwera kutchuthi, ndipo mwina ungakhale wotsika mtengo kuposa mpanda.

Koma chimene chandichititsa kulemba ndi dzenje limene mwati lakumbidwa kale. Mvula yoyamba ikangogwa, dzenje limenelo ndi dziwe kale, la madzi amatope amene sungaone pansi pake, ndipo m'mbali mwake ndi moterera. Kuno kumudzi ana satifera m'maiwe a konkire. Amatifera m'nkhuti zotsala poumba njerwa, m'zitsime za kudimba zosavundikira ndi m'maenje a zimbudzi osamaliza. Ngati njerwa za nyumba yanu zinaumbidwa pamalo pomwepo, yang'anani ngati nkhuti yake inakwiriridwa.

Mayi wa ku Kasungu analembanso:

Zikomo kwambiri nonsenu, mwandithandiza. Ndalankhula ndi mwana wanga ndipo wavomereza za mpanda, ngakhale akufunsa ngati ukonde umene bambo a ku Kamwendo atchula sungakwanire pawokha. Pali zinanso ziwiri. Dziwelo lili pafupi ndi mpanda wa njerwa wa kumalire, ndiye kapitawo akuti khoma limenelo likhale mbali imodzi, tingomanga mbali zitatu zotsalazo. Komanso pakona pali mtengo wa mango umene sindikufuna kuudula, ndipo nthambi zake zina zikulowera kumbali ya dziwe.

Mmisiri wa ku Mchinji anayankhanso:

Mayi, ukonde ndi wabwino ngati chowonjezera, koma ine sindingaulole kukhala wokhawokha pakhomo pamene pali mwana wongoyamba kuyenda. Ukonde umateteza pokhapokha wina akaubwezeretsa ndi kuukunga bwino akamaliza kusambira, ndipo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene anthu amalowa m'madzi m'mawa, masana ndi madzulo, udzakhala wochotsa tsiku lonse. Alamu nayo imalira mwana atagwera kale, ndipo imadalira mabatire amoyo kapena magetsi, amene kwathu kuno amathima. Geti lodzitseka lokha silidikira kuti wina akumbukire. Bambo a ku Kamwendo anena zoona kuti zitsulo zakwera mtengo, koma mpandawu ndi waufupi poyerekeza ndi wa kumalire umene mwamanga kale, ndipo mukhoza kuchepetsa mtengo pousendeza pafupi ndi dziwe, kungosiya malo oyendamo ndi ogonekapo munthu ngati pafunika kumuthandiza.

Pa khoma la kumalire, kapitawo akhoza kukhala ndi mfundo. Khoma limenelo likhoza kukhala mbali imodzi, chifukwa chimene tikukana ndi kugwiritsa ntchito khoma la nyumba, lomwe lili ndi zitseko ndi mawindo. Ku New South Wales amafuna kuti mpanda wa kumalire wogwiritsidwa ntchito chomwechi ukhale wosachepera masentimita 180, chifukwa simungalamulire zimene mnansi waunjika kuseri kwake. Yezani khoma lanu, ndipo muzungulire kuseri mukaone ngati kulibe mulu wa njerwa, chulu kapena khola la nkhuku loti ana a kumeneko n'kukwerapo. Pamene mpanda wachitsulo ukukumana ndi khomalo, mpata usapitirire masentimita 10 omwe aja, ndipo mizati ya njerwa yotulukira kunja isapereke popondapo.

Mtengo wa mango musaudule, koma mzere wa mpanda udutse patali nawo, ndipo nthambi zonse zoloza kudziwe zisadzidwe, chifukwa nyengo ya mango ana amakwera mtengo tsiku lililonse, ndipo mango akagwera m'madzi kapena m'kati mwa mpanda adzafuna kukawatola. Kanyumba ka pampu nakonso kasakhale pafupi ndi mpanda, popeza denga lake lalifupi ndi popondapo, ndipo mankhwala oyeretsera madzi azitsekeredwa ndi loko.

Pa dongosolo la ntchito, uzani kapitawo kuti mizati ya mpanda izikidwe nthawi imodzi ndi konkire wa m'mbali mwa dziwe, kuti pasadzakhale kuswanso pansi pambuyo pake, ndipo madzi asathiridwe mpaka geti litayesedwa. Za dzenje lomwe lilipo panopa, tsatani mawu a bambo a ku Kamwendo sabata ino: lizungulireni ndi malata akale okhomeredwa pamitengo yolimba, popanda mpata pansi, ndipo madzi a mvula akalowamo apopedwe tsiku lomwelo.